Benz yakale ngati galimoto yoyamba: zoti muone musanapereke ndalama

Ngati mwangoyamba kumene ntchito, kapena geni yayamba kuyankha, ndipo mtima wanu suli pa Vitz kapena Sienta koma pa Benz yakale ya nyenyezi pa boneti, yambani mwapeza makaniko, galimoto ibwere pambuyo. Kuno ku Zomba amakaniko odziwa Toyota ndi Nissan ndi mbwee, koma wodziwa kuchuna injini ya Benz ya 1988 mosangoyerekeza ndi wosowa. Kawirikawiri amakhala mdala amene anaphunzira ntchito magalimotowa adakali atsopano. Pitani mukacheze nawo, muwafunse mitundu imene amaidziwa bwino ndi kumene amapeza masipeya ake. Galimoto imene vuto lililonse lidzafuna kuti muikoke mpaka ku Blantyre siyenera kukhala yoyamba.

Ndalama zimene mwasunga muzigawe patatu. Magawo awiri ndi ogulira, limodzi likhale pambali la ntchito ya miyezi 6 yoyamba. Galimoto ya zaka 30 kapena 40, ngakhale yosamalika chotani, ikasintha mwini n'kuyamba kuyenda tsiku ndi tsiku imatulutsa matenda amene anali atabisala. Masipeya ambiri atsopano amachokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wake umatsatira randi ndi dola. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja inakwera nthawi yomweyo. Choncho ndalama ya pambaliyo musaione ngati yotsala.

Mtundu wanji

Kwa wogula koyamba, ife timaloza Mercedes-Benz W124, imene inayamba kutuluka kumapeto kwa 1984 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1990. Pa mtundu umenewu funani 200E kapena 230E, za injini ya masilinda 4 yotchedwa M102, ndipo ikapezeka ya magiya apamanja ndiye bwino koposa. Zina zinkamangidwa ku East London ku South Africa, ndipo za kumeneko chiwongolero chili kumanja monga tiyendera kuno, ndipo masipeya ake ndi osavuta kuitanitsa. Matayala ake ndi 195/65 R15, saizi imene imapezeka paliponse pogulitsa matayala. Lita imodzi ya petulo imakuyendetsani makilomita 8 mpaka 10 injini ikakhala yochunidwa bwino. Mng'ono wake, 190E, ali ndi injini yomweyo m'thupi laling'ono. Ndi yokoma kuyendetsa, koma mpando wakumbuyo ndi wopanikiza, ndipo achibale adzakuuzani zimenezi pa ulendo woyamba wopita kumudzi.

Mkulu wake ndi W123, ya 1976 mpaka 1986, ija ya mabampa a chitsulo chonyezimira. Imeneyi ilibe kompyuta yoti ikuvuteni. Za dizilo, 240D ya masilinda 4 ndi 300D ya masilinda 5, zimapopa mafuta ndi pampu yopanda magetsi, ndipo zikangolira zimapitirira kulira ngakhale batire itafooka. Zimadya pang'ono, makilomita 10 mpaka 12 pa lita. Koma dziwiranitu kuti 240D ndi yaulesi: kuchoka poima kufika pa liwiro la 100 imatenga masekondi oposa 20. Kupitirira thiraki pa chitunda cha msewu wa M3 kumafuna kuona patali ndi kuleza mtima. Vuto lina la W123 ndi ukalamba basi. Yopanda dzimbiri ndi yosowa, ndipo mwini wake amadziwa chimene ali nacho.

Za masilinda 6, monga 280E, 260E ndi 300E, zimayenda mofewa komanso mwamphamvu, koma zimamwa. 280E ikhoza kukupatsani makilomita 7 okha pa lita. M'dziko limene nthawi zina timagona pa mzere wa mafuta, zimenezi ziwerengereni musanakopeke ndi kulira kwake.

Zimene tikuti muzisiye kaye ndi S-Class, makamaka W140 ya 1991 mpaka 1998. Mtengo wake umaoneka wotsika chifukwa eni ake atopa nayo. Imalemera pafupifupi matani 2, ili ndi timamota ndi mapampu m'zitseko, m'mipando ndi m'buti, ndipo kukonza choziziritsira mpweya chikabooka mkati kumafuna kuchotsa dashibodi yonse. Jaguar XJ6 ndi Range Rover yakale nazo ndi za munthu amene ali kale ndi galimoto ina yoyendera. BMW E30 ndi yabwino, koma ku South Africa anyamata ozungulitsa magalimoto pa masewera amaifuna kwambiri, choncho mtengo unakwera ndipo zambiri zinazunzidwa. Injini yake ya M20 imayendera lamba wa timing amene ayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 60,000 kapena zaka 4 zilizonse. Akaduka, mavalavu amawombana ndi mapisitoni.

Amene sakakamira nyenyezi aganizire Toyota Crown kapena Cressida. Ulemu wake pa msewu ndi womwewo, ndipo makaniko aliyense wa ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino akatsegula boneti sadabwa. Lexus LS400, imene ku Japan inkatchedwa Toyota Celsior, ili ndi injini ya V8 ya malita 4 yolimba zedi, koma pampu ya chiwongolero ikayamba kudontha imadonthera pa alternator n'kuipha, ndipo sitata yake inabisidwa pakati pa injini, pansi pa mapaipi olowetsa mpweya.

Gulani imene ili kale m'dziko muno, ya nambala ya Malawi. Msonkho wa MRA pa galimoto yolowa umakwera molingana ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimotoyo, ndiye ya zaka 30 ya malita 3 imagwera m'gulu lolipira kwambiri. Kuonjezera apo, yoitanitsa mumaigula pongoona zithunzi, ndipo zithunzi sizionetsa kunsi.

Thupi liyambe, injini pambuyo

Injini ikafa imasinthidwa pa masiku ochepa. Thupi likadyeka ndi dzimbiri, mudzakhala mukuwotcherera mpaka mutatopa. Zomba ndi dera la mvula yambiri ndi chinyezi, ndipo galimoto imene yakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zingapo imawola kuyambira m'ngalande zake. Masamba amatseka timabowo totulutsira madzi pansi pa galasi lakutsogolo ndi m'mbali mwa sunroof, madzi n'kulowera mkati mwakachetechete.

Pitani kukaona masana, kunja kuli kouma, galimoto isanatsukidwe. Tengani tochi, sikuludiraiva, ndi maginito wamng'ono wokulunga m'kansalu kuti asakande penti. Yendetsani maginitoyo m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mozungulira matayala ndi m'makona a galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo. Pamene sakugwira pali filler yochindikala, ndipo pansi pa filler pali bowo kapena chipsera cha ngozi. Penti wonyezimira amene wapakidwa mwezi watha ndiye woyenera kumukayikira kwambiri: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani pa labala wa magalasi ndi pa mabawuti a zitseko ngati penti anadonthera, mudziwa kuti anapopera mothamanga.

Kenako mabowo a jeke. Benz za nthawi imeneyi zili ndi mabowo 4 m'mbali, pansi pa zitseko, otsekedwa ndi tizivindikiro. Pemphani mwini wake kuti mulowetse jeke ya galimotoyo m'bowo lililonse ndi kunyamula pang'ono. Mukamva kukhirichita, kapena chitsulo chozungulira bowolo chikayamba kupindika, galimotoyo yadyeka pamene pali mphamvu yake. Wogulitsa akakana kuti muyese jeke, wakuyankhani kale.

Tsegulani boneti, muunike pansi pa batire, chifukwa asidi amadya chitsulo pamenepo n'kutsegulira madzi njira yopita kumapazi a wokwera kutsogolo. Tsegulani buti, chotsani tayala la sipeya, muone pansi pake ndi m'matumba a m'mbali. Mkati tukulani makapeti onse 4, musangogwira pamwamba. Pansi pake pali siponji yochindikala imene imasunga madzi miyezi yambiri pamwamba pakuoneka pouma. Fungo la nkhungu limanena zoona kuposa mwini galimoto. Mukatha, pemphani ndowa ya madzi, thirani pa galasi lakutsogolo ndi pa denga, dikirani mphindi 10, muonenso kumapazi. Pa W124 lowaninso kunsi muone pamene chimango cha matayala akumbuyo chimamangiriridwa ku thupi. Pakawola pamenepo, siyani, musatsutsane n'komwe za mtengo.

Nambala ya makilomita musaikhulupirire. M'kati mwa mita imeneyi muli kagiya kapulasitiki kamene kamathyoka, ndipo zambiri zinaima zaka zapitazo. Onani kutha kwa labala wa mapedulo, kusalala kwa chiwongolero ndi kulowa pansi kwa mpando wa dalaivala.

Kuliza injini

Uzani wogulitsa kuti asalize galimoto musanafike, ndipo mukafika ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda, bwerani tsiku lina. Injini yozizira ndi imene imaulula zonse. Ya petulo ilire msanga ndi kukhazikika yokha popanda kuponda mafuta. Phokoso la tcheni kwa masekondi angapo ikangolira likusonyeza kuti timing chain kapena chokokera chake chatha, ndipo pa M102 zoyambirira, zimene zili ndi tcheni cha mzere umodzi, musazengereze nacho. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Utsi woyera wosatha injini itatentha, madzi ochepa mu radiyeta ndi phala loyera kunsi kwa chivindikiro cha oyilo, zonsezi zikuloza head gasket, chomatira cha pakati pa mutu ndi thunthu la injini. Pa injini za masilinda 6 za W124 unikaninso kumbuyo kwa injini, pamene mutu umakumana ndi thunthu, chifukwa oyilo amakonda kutulukira pamenepo.

Ya dizilo ili ndi mayeso ake. Injini itatentha ndipo ikulira payokha, masulani chivindikiro cha oyilo n'kuchisiya pamalo pake. Chikamangonjenjemera pang'ono palibe vuto. Chikamadumpha n'kutuluka utsi wambiri, maring'i atha. Kenako zimitsani ndi kiyi. W123 ya dizilo imazima ndi vacuum, mpweya wokoka womwewo umene umatseka zitseko. Ikapitirira kulira kiyi mutachotsa, paipi ina yabooka. Pa injini pali kachitsulo kolembedwa STOP kozimitsira ndi dzanja. Vutoli si lalikulu, koma kulisakasaka kumadya nthawi, ndiye litsitse mtengo.

Makaniko wanu abwere ndi geji yoyezera compression. Pa M102 yabwino masilinda amaonetsa 10 mpaka 12 bar, osasiyana kuposa 1.5. Pa dizilo yang'anani 24 mpaka 30 bar, osasiyana kuposa 3. Kusiyana kwa masilinda ndiko kofunika kuposa nambala yeniyeniyo.

Pali zinthu zina ziwiri zoti muone pa W124. Zopangidwa cha m'ma 1992 mpaka 1996, monga E220, E280 ndi E320, zinaikidwa mawaya a injini amene chikopa chake chimafumbutuka ndi kutentha. Pindani pang'ono waya mmodzi pamwamba pa injini. Chikopa chikasweka n'kuonetsa kopa, mtolo wonse wa mawaya ukufunika watsopano, ndipo mawaya akagundana akhoza kuotcha kompyuta ya injini. Chachiwiri ndi kabokosi kotchedwa OVP relay, kamene kali kuseri kwa batire, ka fyuzi pamwamba. Kakafooka, galimoto imavuta kulira m'mawa, imazima pa mphambano, nyali ya ABS n'kuyaka. Amakaniko osadziwa amathamangira kupotoza zomangira za chogawira petulo cha KE-Jetronic, n'kusokoneza chimene chinali bwino. Ngati muona kuti chogawiracho chinaseweretsedwa, funsani amene anachigwira.

Ikwere phiri

Kuzungulira m'tauni kuchokera ku msika mpaka ku yunivesite sikukuuzani kanthu. Zomba ili ndi poyesera pabwino kuposa paliponse: msewu wokwera ku Ku Chawe. Thirani mafuta anu, mwini wake akhale pambali, makaniko kumbuyo, wailesi ikhale yozima.

Pokwera diso likhale pa singano ya kutentha. Benz yabwino imakhala pakati pa 80 ndi 90, ndipo pa chitunda chotere ikhoza kuyandikira 100 n'kubwerera mukafika pamwamba. Ikapitirira 100 n'kumakwerabe, radiyeta yatsekeka, kapena fani yatha mphamvu, kapena thermostat anaichotsa. Kuchotsa thermostat ndi chizolowezi chofala kuno, koma pa Benz kumaonjezera vuto, chifukwa ndi yomweyo imene imatseka njira yachidule ya madzi kuti onse adutse mu radiyeta. Mukafika pamwamba musazimitse. Isiyeni ilire mphindi 5, muone singano ya oyilo. Mukaponda mafuta ifike pa 3 msanga, ndipo ikamalira yokha isagwe kwambiri pansi pa 1.

Potsika ndi pamene mabuleki amayezedwa. Gwiritsani giya yotsika, koma pondani mabuleki molimba kangapo pamalo owongoka. Galimoto isakokere mbali imodzi, pedulo isanjenjemere kapena kumira pang'onopang'ono. Pansi pa phiri yandikitsani dzanja pa limu lililonse osaligwira. Limene latentha kuposa anzake lili ndi buleki yomatirira.

Ya otomatiki iyeseni itatentha. Mukaika pa R igwire pasanathe masekondi 2. Ikachedwa, giyabokosi ili pafupi kutha, chifukwa pa magiyabokosi amenewa livesi ndi imene imayamba kufooka. Musadabwe ikanyamuka ndi giya yachiwiri, zambiri zinapangidwa choncho. Oyilo wake akhale wofiira, osati wakuda wonunkha kupserera. Kugunda kwa kunsi posintha magiya nthawi zambiri ndi flex disc, labala wozungulira wolumikiza shafiti. Ndi wotchipa, koma akaduka muli pa liwiro amaononga zambiri.

Pomaliza dutsani pa mahampu ndi pa msewu wafumbi wa maenje. Mverani kugogoda kwa mabushi ndi mashoko, muone ngati kumbuyo kukukhudza pansi. W124 ili ndi mikono 5 pa tayala lililonse lakumbuyo, ndipo mabushi ake akatha galimoto imayendayenda yokha mukasiya kapena kuponda mafuta. Chiwongolero chisasewere kuposa zala ziwiri matayala asanayambe kutembenuka.

Mapepala

Benz zambiri zakale za kuno ndi za akuluakulu amene anapuma ntchito m'boma, ku yunivesite kapena ku usilikali, ndipo zina eni ake anatisiya. Polankhula ndi mwini wake musafike ngati wodziwa zonse. “Bambo, galimotoyi yakhala nthawi yaitali bwanji isakuyenda, ndipo amaikonza ndani?” ndi funso limene limatsegula zambiri. Mkulu wosamala amatulutsa envelopu ya malisiti, ndipo envelopu imeneyo ndi yamtengo kuposa malimu onyezimira.

Dzina la mu blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Nambala ya chassis muiwerenge nokha pa chitsulo cha galimoto, chilembo ndi chilembo, osati pa kambale kokhomedwa kokha. Nambala ya injini nayo ifanane. Ngati injini inasinthidwa, kusinthako kukhale kolembedwa ku Road Traffic. Ikakhala galimoto ya malemu, mwana mmodzi sangaigulitse payekha chifukwa choti ndiye akusunga makiyi. Funani kalata yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye, ndipo mayi a pakhomopo ndi ana ena adziwe. Funsaninso ngati galimotoyo siinaperekedwe chikole pa ngongole, ndipo ipite ku polisi akatsimikize kuti si yakuba.

Kusintha umwini mupitire limodzi ndi wogulitsa ku Road Traffic, ndipo ndalama yomaliza muipereke dzina litasintha. Madobadoba a pa geti adzakuuzani kuti akhoza kuzithamangitsa mwini wake palibe, akaneni. COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshulansi zikhale zanu musanayambe kuyenda. Ngati mukufuna inshulansi yoteteza galimoto yanu yomwe, gwirizanani mtengo wake molemba, apo ayi adzaiwerengera ngati chiphakasa. Ndipo ngati mukuganiza zoibwereketsa pa maukwati Loweruka, monga ambiri amachitira kuti ipeze ya mafuta, auzeni a inshulansi poyamba, chifukwa yoyendera inu nokha siphimba ntchito ya hayala.

Ikafika pakhomo

Ndalama ya pambali ija iyambire pa zosaoneka, penti ndi wailesi zidikire. Sinthani oyilo ndi fyuluta: M102 imalowa pafupifupi malita 5, ya masilinda 6 ya M103 malita 6, ndipo 240D malita 6.5. Oyilo wa 15W-40 amakwanira, ndipo ndi fumbi lathuli musapitirire makilomita 5,000. Tsukani radiyeta, muthire madzi osakaniza theka ndi theka ndi coolant. Madzi a pa mpopi okha amadya mutu wa aluminiyamu kuchokera mkati. Mafuta a mabuleki akhale DOT 4 atsopano, ndipo mapaipi 4 a labala opita ku matayala asinthidwe ngati simukudziwa zaka zake, chifukwa amatupa mkati kunja akuoneka abwino. Giyabokosi ya otomatiki ilandire oyilo wa Dexron ndi fyuluta yake. Za dizilo za W123 zimafuna kuchuna mavalavu ndi sipanala pa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo zambiri zovuta kulira m'mawa wa June zimachira ndi ntchito imeneyi yokha.

Mapaipi a petulo musawaiwale. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amaumitsa labala wakale n'kumung'amba, komanso amakoka chinyezi mu thanki galimoto ikakhalitsa osayenda. Pa injini za KE-Jetronic petulo amayenda mwamphamvu yoposa 5 bar, ndiye kang'alu kakang'ono kamapopera mafuta pa injini yotentha. Sinthani mapaipi onse a labala a ku thanki, ku pampu ndi ku injini, mugule olembedwa kuti ndi a fuel injection, ndipo m'galimoto mukhale chozimitsira moto pamalo pofikira dzanja.

Matayala awerengeni zaka. Manambala 4 omaliza pambuyo pa zilembo za DOT ndi sabata ndi chaka: 2316 ndi sabata ya 23 ya 2016. Tayala loposa zaka 6 lichoke ngakhale mano ake ali athunthu. Mafyuzi a Benz zimenezi ndi aja aatali osongoka mbali zonse, ndipo akale amachita dzimbiri kumapeto n'kuyambitsa mavuto a magetsi osamveka mutu wake. Gulani paketi yonse ya akopa, musinthe onse tsiku limodzi, ndi ntchito ya mphindi 15.

M'buti muzikhala mafyuzi otsala, OVP relay ina, lita imodzi ya oyilo, malita 5 a madzi ndi lamba wa injini. Pa W124 zambiri lamba ndi mmodzi yekha woyendetsa alternator, pampu ya madzi ndi ya chiwongolero. Nyali ya batire ikayaka chiwongolero n'kulemera nthawi yomweyo, lambayo waduka. Imani pomwepo, ngakhale mutatsala pang'ono kufika ku Thondwe, chifukwa popanda pampu ya madzi mutu wa injini umapindika pa mphindi zochepa.